Chopondera Chopanda Lamba

Tsiku limene anamwino anachotsa bandeji pamimba panga, chimene ndinayamba kuyang'ana si bala ayi, koma msoko. Ndakhala pa mashini osokera zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, ndiye sindingaone ulusi pena pake osauweruza. Ndinawauza adokotala mosapsatira kuti akanakhala wophunzira wanga ndikanawalamula kuti aphwasule ayambirenso, chifukwa kumtunda anakoka kwambiri, kumunsi n'kulekerera. Iwo anaseka, nati matumbo anga anali atapotana moti panalibe nthawi ya zokongoletsa. Ndinawakhululukira, poti ndinali ndi moyo.

Ndinagona m'chipatala masiku khumi ndi awiri. Pondituluka adokotala ananena zinthu ziwiri: ndisanyamule cholemera kwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo ndiziyendayenda tsiku lililonse. Ana anga awiri anali pomwepo, makutu ali tcheru. Koma kaya mantha amatseka khutu limodzi, onse anamva choyambacho basi.

Wachisamba wanga ndimamutchula kuti Kapitawo. Ndi kapitawodi kumene amamanga nyumba zosanja, koma dzinalo ndinamupatsa ali ndi zaka zisanu, atayamba kale kulamula anzake poseweretsa mchenga. Wotsiriza ndi wamkazi, mphunzitsi wa ana aang'ono, ndipo iye amaona aliyense ngati mwana woti amupukute mamina. Awiriwa atagwirizana chinthu, ngakhale malemu bambo awo ankangokhala chete.

Kwanga ndi zipinda ziwiri kuseri kwa shopu yanga. Ukatsegula chitseko cha kuchipinda chogona umagwera pa tebulo lodulira nsalu. Mbali ina kuli wometa tsitsi, mbali ina wokonza mafoni, ndipo makoma ndi opyapyala moti munthu akayetsemula uko timamuyankha kuno. Mphunzitsi anasamukira kwanga ndi chikwama chake. Tsiku loyamba lomwelo anapita pa mashini anga, aja opondera ndi mapazi, n'kuchotsa lamba wolumikiza gudumu lalikulu la pansi ndi kagudumu ka pamwamba. Anamukulunga bwinobwino, n'kumuika kumene ine sindinaone.

"Ndimakudziwani amayi," anatero. "Ndikangotembenuka, muli pa mashini."

Ndinachita ngati ndapsa mtima, koma ndinene zoona: zinandikomera. Chibadwire changa palibe amene anandibweretserapo tiyi pabedi. Tsopano tiyi ankabwera yekha, madzi osamba ankabwera okha, ngakhale chidebe cha kuchimbudzi chinkabwera pambali pa bedi kuti ndisavutike ndi mapazi khumi a kubafa. Ndikati ndidzuke, manja awiri anali kale m'khwapa mwanga. Ndikagwetsa sipuni, wina ankatola isanathe kulira. Mphunzitsi akamapita kusukulu ankandisiyira zonse pa kampando pafupi ndi pilo, kuti ndisapeze chifukwa chotsitsira phazi pansi. Milungu itatu ndinakhala choncho, ndipo ndinkauza aliyense wodzandizonda kuti ndinabereka ana abwino.

Bala linapola. Koma miyendo inatha ine osadziwa. Tsiku lina ndikudzola mafuta ndinagwira katumba wa mwendo wanga, uja anali wolimba moti adzukulu ankamugogoda n'kumaseka, ndipo ndinangopeza chikopa cholendewera ngati sokosi yotha lasitiki. Ndinafunditsa bulangeti msanga, osauza munthu.

Lachitatu lina m'mawa, Mphunzitsi atapita, foni yanga inalira ili pa tebulo lodulira, kumene anaiiwala akuitchaja. Ndinati mapazi asanu ndi chiyani. Ndinaimirira, ndinaponda kamodzi, kawiri, kenako mawondo anangopinda okha, ine khu pansi ndi matako. Sindinavulale paliponse. Ndinaseka kaye, n'kuyesa kudzuka. Ndinagwira mwendo wa tebulo, ndinakoka, thupi osasuntha. Ndinayesanso mpaka thukuta linalowa m'maso. Wometa anali atatsegula wailesi yake mokweza monga mwa masiku onse, ndiye kukuwa kwanga kunathera m'nyimbo. Ndinakhala pa simenti yozizirayo kuyambira cha m'ma eyiti mpaka dzuwa litafika pamutu, ndipo zina zimene zinachitika pamenepo sindizilemba, koma diresi linanyowa.

Anandipeza ndi Kapitawo, atabwera ndi zipatso pa nthawi yake yopuma. Anandinyamula n'kukandigoneka pabedi. Nkhope yake sindidzaiwala. Madzulo ake anatikhazika pansi ine ndi mlongo wake, nalankhula ndi mawu aja amalankhulira kuntchito.

"Amayi, nkhani yatha. Mlongo wangayu akamabwerera kwake, kumapeto kwa mwezi wamawa, mukubwera kwathu. Chipinda tikonza. Shopu titseka."

"Kwanu kuja kosanjikizana katatu? Ndizikasuzumira pawindo ngati mphaka?"

"Bola mphaka wamoyo. Mukagwanso muli nokha, akudzutsani ndani?"

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ankanena zoona. Mpongozi wanga, mkazi wa Kapitawo, ndi munthu wabwino, sindinganame. Koma kuno ndi kumene ndinalerera ana, kuno ndi kumene anthu amandidziwa kuti ndine telala, osati gogo wongodikira chakudya. Ndinalira, ndipo sindinabise.

M'mawa mwake Mphunzitsi anandifunsa kuti andikhazike pati asanapite, poti pabedi ndinali nditakana. Ndinati pa mpando wa mashini, ndiziona msewu. Anayang'ana kaye pamene panali lamba, naona kuti palibe choopsa, n'kundikhazika. Atatuluka ndinangokhala ndwii, kuyang'ana fumbi pa mashini. Mapazi anga, osandifunsa, anakwera pa chopondera. Zaka zonsezo anazolowera kuti akafika pamenepo ndiye kuti ntchito yayamba. Ndinaponda. Popanda lamba chopondera chimapepuka kwabasi, gudumu la pansi limangozungulira lokha, singano ili phee. Kwiti, kwiti, kwiti. Sindinasoke kanthu, koma phokosolo linanditonthoza. Nditaponda pang'ono akatumba anayamba kuwotcha, ndinapuma, n'kuyambanso.

Tsiku lachitatu wometa anasuzumira pakhomo, chisa chili m'manja.

"Amayi a telala, mwayamba ntchito? Ndili ndi buluku long'ambika pamalo oipa."

"Ukuona lamba pamenepa iwe? Ndikusoka mphepo."

"Nde mundisokereko ingapo, kwanga kukutentha."

Ndinamuuza kuti akangotsina khutu ana anga ndidzamutsekera ndi ulusi matumba onse a mabuluku ake. Analumbira kuti sanaone kanthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo anachepetsako wailesi.

Patatha sabata ndi theka linakwana tsiku lobwerera kuchipatala. Adokotala anayamikira bala, koma ataona mmene Mphunzitsi anandikokera kuchoka pampando anakwinya nkhope, natitumiza kuchipinda cha mafizo, kolimbitsira thupi odwala. Kumeneko tinapeza mayi wamfupi, wa mawu amphamvu, wocheperapo zaka kwa mwana wanga wotsiriza. Anandikhazika pa mpando wopanda zogwirira.

"Pindani manja pachifuwa, agogo. Imirirani."

Mphunzitsi anathamanga kudzandigwira.

"Inu khalani apo," anatero mayi wa mafizo. "Ndati agogo."

Ndinakankha, ndinakankha, matako anangonyamuka pang'ono n'kubwerera. Iye anandigwiragwira ntchafu, n'kutsikira kwa akatumba. Pamenepo anaima.

"Ntchafu zagona tulo, koma kunoku kuli kamoyo. Mumatani masana?"

Ndinayang'ana kudenga. Koma bodza pamaso pa munthu amene wakugwira mwendo silituluka bwino, ndiye ndinaulula za chopondera. Mphunzitsi anagwira pakamwa.

"Amayi! Ine ndikuvutika kukusamalani, inu mukuba ntchito kuseri?"

Mayi wa mafizo sanaseke. Anamufunsa mwana wanga zonse, za tiyi wa pabedi, za chidebe, za manja a m'khwapa, ndipo atamaliza analankhula mofatsa. Anati munthu wamkulu ngati ine akagona sabata imodzi yokha minofu imasungunuka msanga, ndipo kuti ibwerere pamafunika milungu yambiri. Anati kusanyamula zolemera kunali kuteteza bala, osati kuletsa miyendo kugwira ntchito yake. Chilichonse chimene ankandichitira chimene ndikanatha kuchita ndekha, ankandichotsera mphamvu pang'ono. Mwana wanga misozi inangoti mbwembwembwe. Ndinamumvera chisoni, chifukwa mlandu unali wa tonse. Iye ankapereka, ine ndinkalandira ndi manja awiri.

"Ndifotokozereni za mashiniwo," anatero mayiyo potembenukira kwa ine. "Amalemera nthawi iti?"

Aka kanali koyamba chidwalire changa kuti munthu andifunse chinthu chimene ndimachidziwa kuposa iye. Ndinamuuza kuti popanda lamba ndi masewera. Ukaika lamba, ngakhale popanda nsalu, mwendo umamva. Nsalu yopyapyala ya malaya imawonjezera pang'ono, ya yunifolomu kwambiriko, ndipo jinzi, makamaka pamene misoko inayi yakumana, imafuna munthu woti wadya.

"Basi ndi makwerero athu amenewo," anatero. "Sabata ino lamba yekha. Yamawa nsalu ya malaya. Mukafika pa jinzi tidzaonana bwino. Koma mashini okha sadzutsa ntchafu. Nthawi iliyonse mukamaliza msoko, muziimirira, kenako n'kukhalanso, ngakhale poyamba mutagwira tebulo. Kubafa muzipita ndi mapazi anu. Ndipo muzidya mazira, nyemba, mkaka, nsomba, osati tiyi yekha."

Mphunzitsi anatsegula chikwama chake cha m'manja, nafufuza pansi pa makope a ana, n'kutulutsa lamba wanga. Anali akuyenda naye tsiku lililonse kusukulu mwezi wonsewo.

Milungu yotsatira sinali yokoma, ndisakunamizeni. Tsiku loyamba ndi lamba ndinaponda mphindi ziwiri n'kukhala wefuwefu. Kuimirira kunali nkhondo, tebulo linkalira ndi kulikoka kwanga. Mphunzitsi anaphunzira ntchito yovuta kuposa zonse, yoima pambali manja ali kumbuyo, kumandiyang'ana ndikulimbana ndi batani kapena ndikukwawira kubafa nditagwira khoma. Nthawi zina ndinkamukalipira kuti alibe chisoni, iye n'kumaluma mlomo osasuntha. Panali masiku atatu amene ndinadwala chimfine n'kubwerera m'mbuyo, ndipo ndinati zonsezi n'zachabe, aitaneni Kapitawo abwere ndi galimoto. Tsiku lachinayi ndinadzuka n'kusoka mapilo awiri.

Nditafika pa nsalu ya yunifolomu ndinali nditaimirira kale popanda kugwira tebulo, kamodzi, kenako katatu. Buluku la wometa ndinalisoka, ndipo ndinamuperekera ndekha kushopu kwake ndi ndodo, mapazi khumi ndi asanu ndi atatu. Anaimitsa ntchito, munthu ali ndi theka la mutu lometa, n'kundiombera m'manja.

Chinthu chimodzi chokha ndinachikana. Mayi wa mafizo, paulendo wachiwiri, anayala mphasa ya labala nati ndiphunzire kudzuka pansi: kugona chammbali, kugwada, kukwawira ku mpando, phazi limodzi patsogolo, n'kukankha. Ndinachita kamodzi kokha, iye atandigwira lamba wa m'chiuno. Kunyumba sindinayesere n'komwe. Ndikangoyang'ana simenti ija, ndinkakumbukira tsiku limene ndinagwa lija.

Kapitawo ankabwera Lamlungu lililonse. Ankaona ndikuimirira, ankaona ndikuyenda, n'kumangogwedeza mutu. Kwa iye zonsezo zinali zabwino koma sizinkayankha funso lake.

"Kuyenda mukuyenda, amayi, ndathokoza. Koma ngakhale ine ndimapunthwa. Nkhani ndi yakuti mukakhala pansi, mudzuka?"

Loweruka lomaliza la mwezi umene anatchula uja anafika m'mawa ndi galimoto ya kuntchito kwake, kumbuyo kuli makatoni opanda kanthu ndi chingwe. Mphunzitsi anayesa kumunyengerera kuti adikire mwezi wina, koma iyenso nthawi yake yokhala kwanga inali itatha ndipo kwake kunali mwamuna ndi ana amene anali atamupirira mokwanira. Ine ndinakhala pa mashini. Ndinali nditamaliza jinzi yanga yoyamba dzulo lake, koma ndinalibe mphamvu yoitchula.

Kapitawo ali mkati molongedza mabuku a masitayilo, panalowa mayi wina, kasitomala wanga wakalekale, wogulitsa mankhwala pa famase ya pakona. Anali ndi diresi lalitali labuluu m'pepala, loti avale madzulo omwewo ku phwando la kuntchito.

"Ndamva kuti mwayambanso, amayi. Chonde ndithandizeni, likukwekwa pansi. Ndinapita kwa wina uko, wandidulira lina mokhota, ndinalira."

"Shopu ikutsekedwa," anatero Kapitawo.

"Ikadzatsekedwa udzanena," ndinamuyankha. "Lowani umo muvale, ndi nsapato zomwe mukavalezo."

Anatuluka atavala, naima pakati pa chipinda. Diresi linali labwino, koma kumbuyo linali lotsika kuposa kutsogolo ndi zala ziwiri, monga zimakhalira kwa munthu wa msana wowongoka. Zimenezo sungazione uli pampando. M'munsi mwa diresi mumapindidwa munthu ali chilili, telala ali pansi, diso lili pafupi ndi nsapato. Ndi mmene ndinaphunzirira ndipo ndi mmene ndachitira kambirimbiri. Ndinatenga mapini asanu ndi limodzi n'kuwaluma pamlomo, tepi m'khosi, dzanja limodzi pa tebulo, n'kugwada.

"Tembenukani pang'ono," ndinalankhulira m'mano. "Basi. Musayang'ane pansi, mukundikhotetsera."

Ndinazungulira naye mpaka pini yomaliza. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono ndi mawondo kuti ndione mzere, ndipo unali wowongoka bwino. Apo m'pamene ndinamva kuzizira kwa simenti m'mawondo, n'kuzindikira pamene ndinali. Onse anali atasiya zimene ankachita. Ngakhale wometa kuseri kwa khoma anali atazimitsa makina ake.

Kapitawo anaponya buku pansi n'kuyamba kubwera. Mlongo wake anamugwira malaya kumbuyo.

"Achimwene, manja kumbuyo."

"Iwe, ukufuna agwe?"

"Agwera kuti? Ali kale pansi."

Mantha anandigwira, sindikana. Ndinaona tsiku lija lonse likubwerera. Koma ntchafu zimene ndinagwira pamenepo sizinali za tsiku lija. Ndinakwawa kawiri mpaka pa mpando wa mashini, ndinaika manja onse pamenepo, ndinakoka phazi lamanja kuliika patsogolo. Ndinapuma. Ndinakankha, bondo linalira, ndinakwera theka n'kuima pomwepo, mwendo ukunjenjemera. Ndinamva Kapitawo akupumira m'mwamba ngati akunyamula ndi iye. Ndinakankhanso, ndipo ndinapezeka ndaima, tepi ikulendewera, kasitomala akundiyang'ana osadziwa kuti waona chiyani.

"Vulani mosamala, mapini angakubayeni," ndinamuuza. "Mubwere thuu koloko."

Atalowa kukavula ndinakhala pampando, chifukwa miyendo inali itanena zake zonse. Mtima unatsika pang'onopang'ono mpaka unakhala m'malo, ndipo ndinamva kupepuka kumene sindinakumvepo chichokereni m'chipatala. Mphunzitsi ankaseka uku akupukuta m'maso. Kapitawo anayang'ana simenti. Kenako anakhala pa katoni, katoniyo n'kuphwanyika, iye osasamala.

"Chitaninso," anatero.

"Ndine chidole chako ine?"

"Chonde amayi. Kamodzi kokha. Chiyambire tsiku lija, ndikangotseka maso ndimakuonani pansi apo. Ndikufuna ndizikuonani mukudzuka."

Ndinamuyang'ana mwana wanga, bambo wa imvi m'ndevu, amene kuntchito amalamula anthu makumi atatu. Ndinamuuza kuti adikire ndipume kaye. Nditapuma ndinagwira tebulo, n'kugwadanso.